Mmene Loweruka la ku America Linagulitsidwira

Pa 30 Seputembala 1939, pabwalo la pachilumba cha Randall's mumzinda wa New York, anyamata a yunivesite ya Fordham anagonjetsa anzawo a koleji ya Waynesburg ndi mapointi 34 kwa 7. Masewerawo bwenzi ataiwalika kalekale pakanapanda kamera imodzi ya NBC imene inaima m'mbali mwa bwalo, ndi muulutsi mmodzi dzina lake Bill Stern. Aka kanali koyamba kuti mpira wa ku America uoneke pa kanema. Mabanja amene anali ndi makanema mumzindawo anali owerengeka, ndipo palibe amene analipira kanthu kuti aonere.

Mpira ndikunenawu si wamiyendo uja tinakula nawo. Ndi wosongoka uku ndi uku, amaunyamula m'manja n'kumaponyerana, osewera atavala zisoti zolimba ndi zotchinga m'mapewa. Akatswiri a ligi ya NFL amasewera Lamlungu, koma Loweruka, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Disembala, ndi la ophunzira a m'masukulu a ukachenjede. Mwambowu ndi wakale kuposa NFL yomweyo, chifukwa unayamba pa 6 Novembala 1869 pamene Rutgers inakumana ndi Princeton ku New Jersey. Munthu amene sanaonepo savomera msanga ukamuuza kuti bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 107,000, ndipo limadzaza, onsewo kudzaonera anyamata amene Lolemba m'mawa amakhala ali m'kalasi.

Ine ndimakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi tilipo ochuluka ndithu, ndipo yunivesite ya Notre Dame ili pamphuno pathu. Loweruka la masewera apakhomo mzinda umasintha ndi fungo lomwe. Kukamacha utsi wa nyama yootcha umakhala wayamba kale kufuka poimika magalimoto. Eni nyumba za kufupi ndi bwalo amaima m'mbali mwa msewu ndi zikwangwani za makatoni, kuitanira alendo kuti aimike galimoto pa kapinga wawo polipira. Komabe olowa m'bwalo ndi ochepa poyerekeza ndi oonera kunyumba, ndipo kwa awa mwezi wa Ogasiti umabwera ndi funso lomwelomwelo chaka ndi chaka: timu yanga ndiionera pati, ndipo ndilipira kwa yani? Wina amati kebo, wina YouTube TV, wina Fubo, Sling kapena Hulu, wina amati ungogula eriyo basi. Anthu amakambirana ngati ndi nkhani ya mitengo ya chaka chino. Ine ndikuona kuti chisokonezo chili pa rimoti lerochi chinabadwa mumkangano wa zaka zoposa 70, wolimbirana kuti mwini Loweruka ndani.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makanema anayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba mwaliwiro. Yunivesite ya Pennsylvania, ku Philadelphia, inali ikuonetsa kale masewera ake apakhomo kuyambira mu 1940. Pofika 1950 inali pamgwirizano ndi ABC, pomwe Notre Dame inagwirizana ndi DuMont, kampani imene lero kulibenso. Masukulu ena anagwidwa mantha, ndipo mantha awo anali omveka. Nthawi imeneyo timu inkadalira ndalama zapageti. Nanga munthu wa m'tauni yaing'ono ku Ohio akanazunzikiranji pa benchi yozizira kuonera koleji ya kwawo, Notre Dame ikuoneka mwaulere pabalaza pake? Mu Januwale 1951, pamsonkhano wa ku Dallas, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji la NCAA linavota, 161 kwa 7, kuti kuonetsa mpira pa kanema kuchoke m'manja mwa sukulu iliyonse payokha kupite m'manja mwa bungwelo.

Mkulu wa Pennsylvania, Harold Stassen, amene kale anali bwanamkubwa wa Minnesota, anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti masewera a pabwalo lawo ndi awo ndipo awaonetsa. NCAA inalengeza kuti sukuluyo yagalukira malamulo, matimu amene anayenera kudzasewera ku Philadelphia anaopseza kuti sapondako, ndipo posakhalitsa Pennsylvania inabweza moto. Ansembe a Notre Dame anadandaula koma sanafune kuima okha. Chaka chomwecho NCAA inasankha Walter Byers, mnyamata wa zaka 29 amene kale anali mtolankhani, kukhala mkulu wake woyamba wolembedwa ntchito. Anakhala pampandowo zaka 36, ndipo mphamvu zake zambiri zinachokera pa kanema. Mu 1952 anagulitsa nyengo yonse ya mpira kwa NBC pa madola opitirira pang'ono 1 miliyoni.

Kwa zaka zoposa 30 zotsatira, woonera analibe chosankha. Loweruka linkabwera ndi masewera amodzi, mwina awiri, amene NCAA ndi kampani yoonetsa agwirizana, ndipo timu iliyonse inali ndi malire a maulendo oonekera pa kanema, kaya ikhale yotchuka motani. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo ambiri amene ndimawathandiza anakula m'nyengo imeneyo. Bambo wina, amene moyo wawo wonse anagwira ntchito m'fakitale mumzinda uno, amandifotokozera kuti Loweruka ankamvera masewera a Notre Dame pa wailesi akukonza galimoto m'galaja. Lamlungu m'mawa, asanapite ku Misa, ankaonera masewera omwewo atawafupikitsa, Lindsey Nelson akuulutsa. Wopambana ankamudziwa kale, komabe banja lonse linkakhala pansi kuonera. Akamanena zimenezi sadandaula ayi. Amati Lolemba kuntchito aliyense ankakhala ataona chinthu chimodzi, ndiye nkhani inkakoma.

Kuipa kwa malamulowo kunaonekera poyera pa 19 Novembala 1966. Notre Dame ndi Michigan State, matimu awiri apamwamba m'dziko lonse chaka chimenecho, onse osagonjapo, anakumana ku East Lansing. Koma Notre Dame inali itamaliza kale gawo lake loonekera dziko lonse, choncho ABC inayenera kuonetsa masewerawo m'zigawo zina zokha. Makalata odandaula anabwera masauzande. Pamapeto pake anapeza njira yozembera lamulo: madera ambiri anaonera, ena mochedwa masewera atatha kale. Matimuwo analepherana 10 kwa 10, ndipo mpaka lero okalamba a kuno amakanganabe ngati mphunzitsi Ara Parseghian anachita bwino kulola nthawi kutha osayesa kupambana.

Masukulu akuluakulu anatopa ndi kudyetsa anzawo. Mu 1977 anakhazikitsa gulu lawolawo, College Football Association, mwachidule CFA, ndipo mu 1981 gululi linagwirizana ndi NBC payekha pa madola 180 miliyoni a zaka zinayi. NCAA inaopseza kuti sukulu iliyonse imene ilowe mumgwirizanowo ilangidwa, ndipo chilangocho chikhudza masewera ake onse, osati mpira wokha. Apa mayunivesite a Oklahoma ndi Georgia anakamang'ala kukhoti. Mwa umboni umene unaperekedwa, umodzi umandikhalabe m'mutu. Loweruka lina mu 1981, ABC inaonetsa Oklahoma ikusewera ndi Southern California pa masiteshoni oposa 200, ndipo sabata yomweyo inaonetsa The Citadel ikusewera ndi Appalachian State pa masiteshoni anayi okha. Matimu anayi onsewo analandira ndalama zofanana. Jaji Juan Burciaga anagamula mu 1982 kuti NCAA ikuphwanya malamulo oletsa amalonda kupangana mitengo ndi kuchepetsa katundu pamsika.

Nkhaniyo inakafika ku khoti lalikulu la dzikolo, ndipo pa 27 Juni 1984 majaji asanu ndi awiri anagwirizana ndi masukuluwo, awiri anakana. Chigamulo analemba ndi John Paul Stevens. Koma munthu amene ndimamuganizira kwambiri pa mlanduwu ndi amene analemba zokana, Byron White. Mwa majaji onsewo, iye ndiye ankaudziwa mpirawu m'mafupa. Ali mnyamata anali katswiri wa yunivesite ya Colorado, mu 1937 anakhala wachiwiri pa mphoto ya Heisman ya wosewera wopambana onse m'makoleji, ndipo anaseweraponso mu NFL ku Pittsburgh ndi ku Detroit. Mfundo yake inali yakuti mpira wa m'masukulu si malonda wamba, ndipo ukangousiya kuti msika uulamulire, zolinga za maphunziro zidzaponyedwa kunkhongo. Pa malamulo ndikuona kuti Oklahoma ndi Georgia analondola, chifukwa panalibe chifukwa chomveka chomanira anthu masewera amene akufuna kuonera. Koma pa zimene zinadzachitika pambuyo pake, White anaona patali kuposa anzake onse.

Choyamba chimene chinachitika chinadabwitsa opambana mlanduwo. Masewera atachuluka pamsika, mtengo wa masewera amodzi unatsika, ndipo kwa zaka zingapo masukulu ambiri ankaonekera kawirikawiri koma kulandira zochepa. Amene anapindula anali ESPN, kampani yaing'ono ya ku Bristol, Connecticut, imene inayamba kuulutsa pa 7 Seputembala 1979. ESPN inali ndi maola 24 oti idzaze tsiku lililonse, ndipo mpira wa m'makoleji inkauonetsa wojambulidwa kale. Pa 1 Seputembala 1984, patangotha miyezi iwiri chigamulo chiperekedwereni, inaonetsa Brigham Young ikugonjetsa Pittsburgh masewera ali mkati, ndipo Brigham Young inadzakhala akatswiri a dziko chaka chomwecho. Mu 1987 ESPN inayambitsa pulogalamu ya Loweruka m'mawa ya College GameDay, imene mu Novembala 1993 inatuluka koyamba mu situdiyo n'kubwera kuno ku Notre Dame, pa masewera ndi Florida State. Kuyambira pamenepo kanema anasiya kungojambula mwambowu, anayamba kuuumba.

Gulu la CFA silinakhalitse, ndipo amene analigwetsa ndi anansi anga omwewa. Mu Febuluwale 1990 Notre Dame inalengeza kuti yagulitsa masewera ake onse apakhomo kwa NBC payokha, pa madola pafupifupi 38 miliyoni a zaka zisanu kuyambira 1991. Anzawo m'gululo anakwiya kwambiri, koma phunziro analimva. Ligi ya kumwera ya SEC inagwirizana ndi CBS kuyambira 1996, ndipo pofika 1997 CFA inali itatha. M'zaka zimenezi wogulitsa anayamba kukhala ligi iliyonse payokha, ndipo mtengo wa ligi unayamba kuyezedwa ndi kuchuluka kwa makanema a m'madera ake. Penn State inalowa mu ligi ya Big Ten, Arkansas ndi South Carolina zinayamba kusewera mpira mu SEC mu 1992, ndipo ligi yakale ya Southwest, imene matimu ake pafupifupi onse anali m'chigawo chimodzi cha Texas, inafa mu 1996 chifukwa inalibe makanema okwanira oti igulitse.

Pano pakufunika kumvetsa mmene ndalama za kebo zinkayendera, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kampani ya kebo imagulitsa matchanelo mumtolo. Pa nyumba iliyonse imene yalembetsa, kampaniyo imalipira mwini tchanelo ndalama mwezi ndi mwezi, kaya a m'nyumbamo amaonera tchanelocho kapena ayi. Amene analipirapo DStv kuti aone ligi ya ku England, n'kulandira matchanelo ankhaninkhani amene sawatsegula n'komwe, akudziwa chimene ndikunena. Pofika 2011 ESPN inali m'nyumba pafupifupi 100 miliyoni, ndipo mayi wamasiye amene ankangofuna nkhani ndi mapulogalamu ophika ankalipirira nawo mpira osadziwa. Ndalama zimenezo ndi zimene zinamanga mabwalo atsopano ndi kukweza malipiro a aphunzitsi a matimu mpaka kuposa a mkulu wa yunivesite kutalitali.

Jim Delany, mkulu wa ligi ya Big Ten, anaona kuti palibe chifukwa chosiyira ESPN yokha phindu limeneli. Pa 30 Ogasiti 2007, mogwirizana ndi Fox, anatsegula tchanelo cha ligiyo, Big Ten Network. Ankafuna pafupifupi dola imodzi pamwezi pa nyumba iliyonse ya m'zigawo za matimu ake, ndi masenti ochepa chabe kunja kwa zigawozo. Makampani akuluakulu a kebo, kuphatikizapo Comcast, anakana, ndipo kukokanakokana kunatha pafupifupi chaka. Mwayi unamugwera Delany pa 1 Seputembala 2007, tsiku loyamba tchanelocho kuonetsa mpira. Appalachian State, sukulu yaing'ono ya m'mapiri a North Carolina, yomwe ija inaonekera pa masiteshoni anayi mu 1981, inagonjetsa Michigan 34 kwa 32 pabwalo la Michigan pomwepo. Ndi chimodzi mwa zodabwitsa zazikulu m'mbiri ya mpirawu, ndipo anthu mamiliyoni a m'zigawo zomwezo sanachione chifukwa tchanelocho kunyumba kwawo kunalibe. Mafoni odandaula anapita ku makampani a kebo, osati kwa Delany.

Ena anatsatira. Texas inatsegula Longhorn Network mu 2011, ligi ya Pac-12 inatsegula matchanelo ake mu 2012, SEC Network inabwera mu 2014, ACC Network mu 2019. Mu 2014 Big Ten, ligi ya m'minda ya chimanga ya pakati pa dziko, inalandira Maryland ndi Rutgers. Palibe ankanena kuti matimu awiriwa ndi oopsa pabwalo. Chimene anabweretsa ndi nyumba za kebo za ku Washington, Baltimore ndi New York, zimene tsopano zinayenera kulipira mtengo wapamwamba uja. Rutgers, imene inayambitsa mpirawu mu 1869, inaitanidwa kugome la akuluakulu chifukwa cha adiresi yake.

Zonsezi zinamangidwa pa chikhulupiriro chakuti anthu sadzasiya kebo. Koma anayamba kusiya, makamaka achinyamata ndi onse amene mpira sunkawakhudza, atapeza kuti mafilimu awo ali pa intaneti motchipa. Mu Febuluwale 2015 Sling TV inayamba kugulitsa mtolo waung'ono wokhala ndi ESPN pa madola 20 pamwezi, popanda chingwe kapena mgwirizano wokumanga zaka. PlayStation Vue inabwera chaka chomwecho n'kutsekedwa mu Januwale 2020. YouTube TV inayamba mu Epulo 2017 pa madola 35, ndipo Hulu inayambitsa yake mwezi wotsatira. Anthu anasangalala kuti amasuka. Koma eni matchanelo a masewera sanatsitse mitengo, ndipo pamene olipirira nawo osaonera aja ankachepa, katundu yense anatsalira oonera. Pofika Januwale 2025, YouTube TV yomwe ija inali pa madola 82.99 pamwezi, mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa kebo imene anthu anaithawa.

Kenako masewera enieniwo anayamba kumwazikana. Pa 11 Seputembala 2021, masewera a Notre Dame ndi Toledo sanaoneke pa NBC monga mwa masiku onse, anaoneka pa Peacock pokha, pa intaneti. Mu Ogasiti 2022 Big Ten inagulitsa masewera ake kwa Fox, CBS ndi NBC pa madola oposa 7 biliyoni a zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mbali ina ya masewerawo inapitanso ku Peacock. SEC inachoka ku CBS n'kupita yonse ku ESPN ndi ABC kuyambira 2024. Ndipo popeza makampani amadziwa kuti wokonda mpira sangapirire Loweruka lopanda kanthu, mikangano ya mitengo imafika pachimake nyengo ikamayamba. Pa 31 Ogasiti 2023 matchanelo a Disney, mwini ESPN ndi ABC, anazima m'nyumba pafupifupi 15 miliyoni za kampani ya kebo ya Spectrum masewera a Utah ndi Florida atatsala pang'ono kuyamba, ndipo anabwerera pa 11 Seputembala. Pa 1 Seputembala 2024 zinachitikanso pa DirecTV, madzulo a masewera a Southern California ndi LSU. Kumapeto kwa Okutobala 2025 inali nthawi ya YouTube TV, kwa milungu iwiri. Amene anathawa kebo anapeza kuti mkangano wawatsatira.

Pakhoma la chipinda cha bambo aja a m'nyumba yosamalira okalamba, pambali pa kanema, pamakhala pepala limene mwana wawo wamkazi amalemba ndi peni yakuda Ogasiti aliyense. Mzere woyamba ndi tsiku, wachiwiri timu yosewera nayo, wachitatu nthawi, wachinayi tchanelo ndi nambala yake pa rimoti. Masiku ndi matimu amadzaza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Koma pa masewera ambiri akoyenda, malo a nthawi ndi tchanelo amakhala opanda kanthu, chifukwa makampani amasankha nthawi kutatsala masiku 12, mwina 6, ataona kaye kuti ndi matimu ati akuchita bwino. Mwanayo amaimba foni mkati mwa sabata, ine ndimatenga peni n'kulemba, ndipo bamboyo amavala magalasi n'kuwerenga kawiri kuti atsimikize. Kwa woonera kunyumba n'chovuta chaching'ono. Kwa banja limene lagula matikiti ndipo likuyenda ulendo wa maola asanu, kusadziwa ngati masewera ayamba masana kapena usiku si chaching'ono ayi. Masukulu ang'onoang'ono a ligi ya Mid-American, monga Toledo, Ball State ndi Western Michigan, amafika posewera Lachiwiri ndi Lachitatu usiku mwezi wa Novembala, kunja kukuzizira koopsa, mabenchi ambiri ali opanda anthu, chifukwa ndi masiku amene kanema ali ndi malo awo. Zimene masukulu ankaopa mu 1951, kuti kanema adzachotsa anthu pabwalo, zinawapezadi ang'onoang'ono.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi kusweka kwa Pac-12, ligi ya kugombe la kumadzulo imene mizu yake inayamba mu 1915. Matchanelo ake inasankha kukhala nawo yokha popanda kampani yaikulu yoiimira kumbuyo, ndipo sanafike konse pa DirecTV. Ndalama zinatsalira m'mbuyo. Pa 30 Juni 2022 Southern California ndi UCLA analengeza kuti akupita ku Big Ten. Otsalawo anafunafuna wogula, ndipo chimene chinabwera patebulo chinali cha Apple, chodalira kuchuluka kwa olembetsa pa intaneti. Pa 4 Ogasiti 2023 Oregon ndi Washington nawo anatsazika, ena anapita ku ligi ya Big 12, ndipo Oregon State ndi Washington State anasiyidwa okha pamtetete. Stanford ndi California, masukulu a m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, lero ali mu ligi ya Atlantic Coast (ACC). Oklahoma yomwe ija inapambana mlandu wa 1984 inasamukira ku SEC pamodzi ndi Texas mu 2024, ndipo masewera ake a chaka ndi chaka ndi Oklahoma State, amene anakhalapo zaka zoposa 100, anathera pomwepo. Mtsikana wosewera volebo ku Los Angeles, amene masewera ake sabweretsa mabiliyoni, tsopano amauluka kudutsa dziko lonse kukasewera ku New Jersey pakati pa sabata ya maphunziro. Izi n'zimene Byron White ankanena.

Koma pali chinthu chimodzi chimene dongosolo lakale linalakwitsa kwambiri, ndipo amene amalilakalaka asamachiiwale. Zaka zonsezi, ndalama zikukwera kuchoka pa miliyoni imodzi kufika pa mabiliyoni, anyamata othyoka maondo ndi kugundana mitu pabwalo sankaloledwa kulandira kanthu kupatula fizi, chakudya ndi malo ogona. Walter Byers yemweyo, atapuma ntchito, analemba buku mu 1995 lodzudzula dongosolo limene iye mwini analimanga. Mu Juni 2021 khoti lalikulu linagamulanso motsutsana ndi NCAA pa mlandu wa Alston, majaji onse asanu ndi anayi mogwirizana, ndipo kuyambira pa 1 Julayi chaka chomwecho osewera analoledwa kupeza ndalama pa dzina ndi chithunzi chawo. Mu Juni 2025 jaji Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wolola sukulu iliyonse kugawira osewera ake mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Ndikamalipira mwezi ndi mwezi, mtima umakhalako pansi podziwa kuti tsopano kachigawo kena kakufika kwa amene akukhetsa thukuta. Zinachedwa kwambiri.

Tsono mnzanga akandifunsa mu Ogasiti kuti alembetse pati, sindiyamba ndi dzina la kampani. Ndimamufunsa timu yake, chifukwa timu ndiyo imakuuza ligi, ndipo ligi ndiyo imakuuza amene anagula masewerawo. Wokonda Alabama kapena Georgia akufunika ABC, ESPN ndi SEC Network. Wa Ohio State kapena Michigan akufunika Fox, CBS, NBC ndi Big Ten Network, komanso Peacock Loweruka lina. Wa Notre Dame amapeza masewera apakhomo pa NBC, koma akoyenda amaoneka pa tchanelo cha ligi ya eni bwalo, ndipo popeza timuyi imasewera kawirikawiri ndi matimu a ACC, ABC ndi ESPN sangazithawe. Masewera ambiri akuluakulu akadali pa ABC, CBS, NBC ndi Fox, zimene eriyo ya madola ochepa imakoka mwaulere, ndipo achinyamata ambiri sadziwa n'komwe zimenezi. Kuyambira pa 21 Ogasiti 2025 ESPN inayamba kudzigulitsa yokha pa intaneti pa madola 29.99 pamwezi, ndipo Fox One inayamba tsiku lomwelo pa madola 19.99, kotero kuti munthu angathe kusonkhanitsa yekha mtolo wake. Wofuna Sling ayang'anitsitse, chifukwa ESPN ili mumtolo wina, FS1 ya Fox mumtolo wina, ndipo CBS mulibemo.

Ine kwanga ndinaika eriyo pawindo, ndipo zotsalazo ndimalembetsa mwezi ndi mwezi kuyambira Seputembala, n'kusiya mu Januwale akatswiri akapezeka. Mpikisano womaliza wopezera akatswiriwo, umene unayamba ndi matimu anayi mu 2014 n'kukula kufika pa 12 mu 2024, uli m'manja mwa ESPN mpaka nyengo ya 2031, ngakhale masewera ena ake anabwereketsa kwa TNT. Kampani ikandinyengerera kuti ndisaine zaka ziwiri pamtengo wotsika ndimakana, chifukwa mapu awa sanamalize kusuntha. Mgwirizano wa Notre Dame ndi NBC ukutha mu 2029, wa Big Ten ukutha nyengo ya 2029 ikadzatha, wa SEC mu 2034, ndipo wa ACC mu 2036.